Chitedze Tichizule Chisanabereke

Anzanga, inu amene mumabwera pa minibasi kuchokera ku Limbe mwina nkhaniyi muiseka. Ife oyenda wapansi kuchokera kumudzi, odutsa kanjira ka kumtsinje kuseri kwa munda wa sukulu, sitiseka nayo ayi.

Chaka chatha mu June, ndili Fomu 1, ndinachedwa ndipo anandipatsa chibalo chotchetcha m'mbali mwa mundawo. Ndinangomenya chikwakwa kawiri, kamphepo n'kuwomba. Mayo ine! M'khosi, m'khwapa, kumsana, thupi lonse moto wokhawokha. Ndinadzikanda mpaka kutuluka magazi, ndipo masamu a tsiku limenelo anangondidutsa. Yunifolomu amayi anaichapa kawiri, koma m'mawa mwake inkayabwabe. Ndiye ine ndili nayo imodzi basi.

Wondipatsa chibalo sindikumuda, poti kuchedwa ndinachedwadi. Chimene ndikutsutsa ndi nthawi imene timalimbana ndi chitedze. Choyabwa kwenikweni si masamba, koma tiubweya ta pa makoko a nyemba zake. Mvula ikatha, makokowo amakhwima n'kuuma, ndipo tiubweyato timathothoka ngakhale ndi mphepo yokha. Ife timadikira mpaka chitero, kenaka n'kumachimenya ndi chikwakwa. Kumeneko si kuchotsa, n'kufesa, chifukwa njere zimagwera pomwepo n'kudzameranso ndi mvula yoyamba.

Ena amati tingoyatsa moto. Eti moto! Nanga timitengo tija tinadzala mu January, titatunga madzi ndi ndowa, moto udzatilambalala? Chitedze chimayanga pa mitengo yomweyo.

Ine ndikuti tichizule mu February, chili chanthete, chisanatulutse maluwa ake a pepo aja. Nthawi imeneyo dothi n'lofewa, ukatsatira chingwe chake mpaka pansi n'kukumba ndi khasu chimazuka ndi mizu yomwe. Zozulazo tisataye. Aphunzitsi a Agriculture anatiuza kuti chitedze ndi kalongonda n'chomera cha mtundu umodzi, dzina la sayansi Mucuna pruriens, kungoti kalongonda alibe ukali woyabwa. Zonsezi n'za gulu la nyemba, zomwe zimabwezeretsa nayitrojeni m'nthaka, choncho masamba ake ndi abwino pa kompositi ya munda wathu. Nditawauza agogo, amene amaphika kalongonda tsiku lonse akutaya madzi kangapo, anakana kwamtuwagalu kuti chakudya chawo sichingakhale m'bale wa chitedze. Mpaka lero sitinagwirizane.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti February ndi mwezi wa matope ndi njala, ambiri timabwera osadya. Zoona. Koma ola limodzi la Lachisanu masana, kalasi iliyonse ndi chigawo chake, silingafanane ndi miyezi itatu yodzikanda. Komanso chaka chimodzi sichikwana, chifukwa njere zakale zikadali m'dothi. Tidzafunika kubwereza chaka chamawa ndi chinacho.

A hedi ndi inu maprifekiti, chonde tsikuli muliike pa ndondomeko ya temu yachiwiri. Ife a Fomu 2 JCE ikutidikira, ndipo munthu sungawerenge manotsi pansi pa mtengo uku ukuyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Ndipo anyamata ena aja amene amatola makoko m'pepala n'kukawaza pa madesiki a atsikana, akadzapita kumtsinje mu June adzapeze palibe chotola. Khasu langa ndidzabwera nalo ndekha.

Wophunzira wa Fomu 2