Takisi yobwezera ndi kulira kwa wolakwiridwa

M'makomo ambiri masiku ano ana ndi adzukulu athu akumagona mochedwa, maso ali pa foni kapena pa kompyuta, kuonera masewero a ku South Korea. Ife akuluakulu timafulumira kudzudzula tisanafunse n'komwe chimene chawakopa. Lero tiyeni tifatse ndi sewero limodzi lotchedwa Taxi Driver, limene wailesi yakanema ya SBS idayamba kuonetsa mu 2021, n'kupitiriza ndi chigawo chachiwiri mu 2023 ndi chachitatu chakumapeto kwa 2025. Tineneretu kuti muli ndewu ndi mwazi wambiri, kotero si la ana aang'ono. Koma funso limene seweroli likufunsa ndi lakale ngati Masalmo: kodi munthu wolakwiridwa alowere kuti pamene apolisi ndi makhoti amutsekera khomo?

Nkhani yake njosavuta kuitsata. Mu mzinda wa Seoul muli kampani ya matakisi yotchedwa Rainbow. Kunja imaoneka ngati kampani ina iliyonse, koma pansi pa nthaka ili ndi malo obisika kumene anthu asanu amakonzera ntchito ina, yobwezera m'malo mwa iwo amene lamulo lawalephera. Mtsogoleri wawo, Jang Sung-chul, masana amayendetsa bungwe lothandiza anthu amene zigawenga zidawachita chipongwe. Woyendetsa takisi yakudayo ndi Kim Do-gi, msilikali wakale amene mayi ake adaphedwa mwankhanza.

Nkhani iliyonse imayenda njira imodzimodzi, ndipo oonera amaidziwa pamtima monga tidziwira dongosolo la mapemphero a Lamulungu. Munthu wafika pamapeto. M'nkhani yoyamba ndi mtsikana wolumala m'maganizo amene adagwiritsidwa ntchito ngati kapolo pa fakitale yothira nsomba mchere. Waima pa mlatho kuti adzitaye, kenaka aona kapepala kokhala ndi nambala ya foni, komuuza kuti asafe koma abwezere. Takisi ifika. Akhala kumpando wakumbuyo n'kufotokoza zonse zimene zidamuchitikira, mawu ake akujambulidwa. Apatsidwa mpata wosankha ngati akufunadi kubwezera. Akavomera, Kim Do-gi amavala nkhope ina, lero mphunzitsi, mawa kalaliki wa mu ofesi, mkuja mlimi wooneka wopusa, n'kulowa pakati pa adaniwo. Pamapeto woipayo amalawa mbale yomweyo imene ankadyetsa anzake.

Chimene chidakopa anthu a ku Korea n'chakuti nkhani zambiri adazitenga pa zochitika zimene iwo adaziwerengapo m'nyuzipepala. Mu 2014 kudaululika kuti pa zilumba za m'boma la Sinan anthu olumala ankagwiritsidwa ntchito yaukapolo m'minda yopangira mchere, ndipo mmodzi adapulumuka atakwanitsa kutumiza kalata kwa mayi ake. Mu 2018 dziko lidaona kanema wa Yang Jin-ho, mwini kampani ya pa intaneti, akumenya makofi munthu amene adamugwirirapo ntchito. Ndipo mu December 2020, miyezi yochepa seweroli lisanayambe, adatuluka m'ndende Cho Doo-soon, amene adagwiririra kamtsikana mwankhanza zosaneneka koma adangolamulidwa zaka 12, khoti litamuchepetsera chilango poti adali ataledzera. Anthu adakwiya koopsa. Seweroli limatsegula ndi mkaidi wofanana naye akutuluka m'ndende, n'kukwera takisi imene sidakamufikitse kwawo. Mtima wa oonera udaziziritsidwa pa kanema pamene khoti lidalephera kuuziziritsa.

Tikaonetsetsa, gawo lamphamvu koposa m'nkhani zonsezi si la zibakera ayi. Ndi la kumpando wakumbuyo kuja. Munthu amene wakhala akuthamangitsidwa ofesi ndi ofesi, amene aphunzitsi adamuuza kuti asachititse sukulu manyazi, amene abale adamuuza kuti angoiwala, kwa nthawi yoyamba wapeza wina womumvera mpaka atatha kuyankhula. Palibe womudula mawu. Palibe womufunsa kuti iyeyo adalakwa chiyani kuti zimugwere. Apa m'pamene ife a mpingo tiyenera kugwira pakamwa. Mayi akabwera kwa akulu a mpingo nkhope itatupa, kapena mwana wamasiye akanena kuti achibale a malemu bambo ake alanda nyumba ndi munda, liwu loyamba limene timakonda kutulutsa ndi lakuti akhululuke. Liwulo ndi loona, koma likamabwera munthu asanamvedwe limasanduka chivindikiro chotsekera mlandu, ndipo amene amapindula nacho ndi wolakwa uja. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife nthawi zina timamubweza pakhomo pomwepo ndi vesi m'manja.

Baibulo silichita manyazi ndi kulira kwa wolakwiridwa. Salmo 94 limaitana Mulungu ndi dzina la wobwezera chilango ndipo limatchula poyera za amasiye ndi alendo ophedwa. Pa Chivumbulutso 6, ngakhale ofera chikhulupiriro amene ali pansi pa guwa akufunsabe kuti mwazi wawo udzaweruzidwa liti, ndipo sadzudzulidwa chifukwa cha funsolo. Apatsidwa mwinjiro woyera n'kuuzidwa kuti adikire kanthawi. Pa Luka 18 Ambuye Yesu mwini adatenga mkazi wamasiye wosatopa kugogoda pa khomo la woweruza wosaopa Mulungu n'kumuika kukhala chitsanzo cha pemphero. Ndiponso tisamawerenge Aroma 12:19 n'kutseka buku. Mtumwi Paulo akaletsa Mkhristu kudzibwezera yekha, mavesi ochepa kutsogolo, pa Aroma 13:4, akunena kuti wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu wonyamula lupanga kuti alange wochita zoipa. Mawu awiriwa ndi amodzi. Wolakwiridwa akuuzidwa kuti atule lupanga chifukwa pali wina amene Mulungu wamupatsa udindo wolinyamula. Wa udindoyo akalandira chiphuphu kapena akagona tulo, wachimwira wolakwiridwayo kachiwiri, ndipo mpingo umene ukhala chete pamenepo usadabwe kuona ana ake akuombera m'manja dalaivala wa takisi.

Tinene modutsa kuti seweroli silitisiya ife atsogoleri a chipembedzo. M'chigawo chachiwiri muli mtsogoleri wa kagulu ka chipembedzo amene amadyera odwala n'kumawaletsa kupita ku chipatala, ndipo mdani wamkulu wa chigawocho amadziwika ndi dzina la udindo wa mu mpingo. Tingakwiye nazo, koma sitinganene kuti zotere n'zachilendo m'makutu athu.

Tsono ngati seweroli laona bwino bala, nanga mankhwala ake? Apa mpofunika kudekha, chifukwa chigawo choyamba chimadziyankha chokha. Onse asanu a m'gululi ndi anthu ovulala mumtima. Wina makolo ake adaphedwa, wina mkulu wake adadzipha kanema wamaliseche wake atafalitsidwa pa intaneti, ndipo Kim Do-gi akangomva kulira kwa wezulo amagwa n'kubanika, pokumbukira tsiku limene adapeza mtembo wa mayi ake. Abwezerera anthu ambirimbiri, koma bala lake silipola nazo. Choopsa koposa ndi ichi: anthu oipa amene gululi limagwira silimawapereka ku boma, limawatsekera m'ndende yachinsinsi ya pansi pa nthaka, imene woyang'anira wake ndi mayi wina wakatapila, Baek Sung-mi. Pambuyo pake zidziwika kuti mayiyo ankagulitsa ziwalo za akaidiwo, ndipo akaidi otsala atulutsidwa n'kuyamba kusaka amene adawagwira. Anthu amene adanyamuka kuti athetse nkhanza apezeka kuti akhala akudyetsa msika wa nkhanza yoposa. Genesis 4 adationetsa kale njira imeneyi: chitetezo chimene Mulungu adaika pa Kaini, chobwezera kasanu ndi kawiri, chidafika m'kamwa mwa Lameki chitasanduka 77, chifukwa cha bala chabe. Olemba seweroli adaona zimenezi bwino lomwe, ngakhale takisiyo adaibwezanso pamsewu, poti oonera ankaifunabe.

Pali bodza limodzi limene masewero onse a mtundu uwu amakhalira, ndipo ndi limene tiyenera kukambirana ndi ana athu. Wobwezera wa pa kanema salakwitsa munthu. Wolemba nkhani amadziwa wolakwa kuyambira pachiyambi, ndipo amationetsa ife oonera tchimo lonse ndi maso athu chibakera choyamba chisanagwe. M'moyo weniweni palibe amene amaonetsedwa zotere. Pa misika ndi m'madepoti athu mfuu yakuti wakuba ikamveka, amene amanyamula mwala kapena kuthamangira petulo sadaone kanthu, wangomva. Agogo amene amatchulidwa ufiti pa maliro sapatsidwa mpata wa liwu limodzi. Chilamulo cha Mose chidadziwa wolipsa mwazi, sichidanamizire kuti kulibe, koma pa Numeri 35 chidaika midzi isanu ndi umodzi yothawirako kuti wopha mnzake asaphedwe asanaime pamaso pa msonkhano, ndipo chidaletsa kupha munthu pa umboni wa mboni imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani yotsiriza ya chigawo choyamba imakhudza zomwezi, pofotokoza za munthu amene adakhala m'ndende zaka zambiri pa mlandu wakupha umene sadapalamule. Nayonso ili ndi mnzake m'mbiri ya dzikolo. Pakati pa 1986 ndi 1991 amayi ndi atsikana angapo adaphedwa m'dera la Hwaseong. Mu 1989 apolisi adagwira mnyamata wolumala mwendo, Yoon Sung-yeo, n'kumuumiriza kuvomera imodzi mwa imfazo. Anthu a nthawi imeneyo adakhulupirira kuti wakupha wapezeka. Adakhala m'ndende zaka 20, n'kutuluka mu 2009 dzina lake lili loipa. Mu 2019 munthu wina, Lee Choon-jae, amene adali kale m'ndende pa mlandu wina, adaulula kuti ndiye adapha, kuphatikizapo mtsikana amene Yoon adamangidwira.

Wina anganene kuti nkhaniyi ikutsimikiza kuti makhoti ngosadalirika, ndipo pamenepo sitikutsutsa: apolisi adazunza munthu wosalakwa, oweruza adavomereza. Koma mlandu suola. Popeza udalembedwa, udatha kutsegulidwanso. Popeza munthuyo adali moyo, adatha kuimanso m'khoti. Mu December 2020 khoti la ku Suwon lidagamula kuti Yoon Sung-yeo ngosalakwa, ndipo woweruza adamupepesa pamaso pa anthu. Akadagwa m'manja mwa gulu lokwiya mu 1989, kapena akadatengedwa ndi takisi yakuda usiku, mu 2020 sipakadakhala munthu woti amupepese.