Maphunziro a kompyuta: mwana adziwenso kusiyanitsa zoona ndi zabodza

Mu Novembala 2015, ana a Giredi 9 m'dziko muno analemba mayeso a phunziro la makompyuta kwa nthawi yoyamba. M'masukulu ambiri makina anali ocepa, kotero kuti ana anali kulowa m'cipinda ca mayeso mosinthana, ndipo ena anatsiriza kulemba usiku. Caka comweco madzi anacepa m'damu la Kariba, ndipo kampani ya ZESCO inali kuzima magetsi kwa maola ambiri patsiku.

Phunziroli linabwera ndi ndondomeko ya maphunziro ya mu 2013. Colinga ca boma cinali cakuti mwana wa ku Lusaka ndi wa ku Chama afike pa muyezo umodzi wa cidziwitso. Koma muyezowo unadalira kwambiri makina ndi magetsi, zinthu zimene masukulu ambiri a kumidzi analibe.

Kucokera nthawiyo zinthu zasintha. Ana ambiri tsopano amayamba kuona intaneti pa lamya ya kholo kapena ya mkulu wao, asanakhudzeko kompyuta ya kusukulu. Pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok amapezapo nkhani zoona pamodzi ndi mphekesera. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19, mauthenga abodza onena za katemera anafalikira kwambiri pa malamya. Palinso akuba amene amatumiza uthenga wouza munthu kuti atumize ndalama pa nambala ina, ndipo masiku ano kompyuta ikhoza kupanga cithunzi kapena mau a munthu amene sananene kanthu.

Mwana angapambane mayeso a kulemba kalata pa kompyuta, koma n'kupusitsidwa ndi uthenga wotere madzulo a tsiku lomwelo.

Bungwe la UNESCO linaona kusiyana kwa maluso awiriwa. Mu 2008 linatulutsa miyezo ya zimene mphunzitsi ayenera kudziwa pa kagwiritsidwe nchito ka makina amakono. Mu 2011 linatulutsanso ndondomeko ina yophunzitsa aphunzitsi kufufuza ndi kupenda nkhani za m'manyuzipepala, pa wailesi ndi pa intaneti.

Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya dziko lino, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, imachula luso la makina amakono ndiponso kuganiza mofatsa pakati pa maluso amene mwana ayenera kukhala nao. Funso ndi lakuti mau amenewa adzafika bwanji m'kalasi.

Ubwino wake ndi wakuti luso lopenda nkhani silidikira magetsi. Mphunzitsi wa Cinyanja angabweretse nyuzipepala, kapena kulemba pa bolodi uthenga umene wafala pa malamya m'mudzimo, n'kufunsa ana mafunso. Kodi wanena zimenezi ndani? Wazidziwa bwanji? Zinacitika liti ndipo kuti? Kodi wailesi kapena nyuzipepala ina yazinenanso? Nanga adzapindula ndani anthu akakhulupirira? Mwana amene wazolowera mafunso otere sathamangira kutumiza uthenga kwa anzake.

Dziko lino lidziwa kale kuphunzitsa ndi zipangizo zocepa. Mu 2000 unduna wa zamaphunziro unayamba pulogalamu ya pa wailesi ya Taonga Market, imene inafikitsa maphunziro kwa ana amene sanali pa sukulu, ambiri a iwo amasiye. Wailesi imodzi ndi bolodi zinali zokwanira.

Nchito yaikulu ili pa aphunzitsi. Mu 2022 boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000, ndipo caka comweco maphunziro aulere anaculukitsa ana m'makalasi. Mphunzitsi amene ali ndi kalasi yodzaza sangaphunzitse luso limene iye mwini sanaphunzire. Motero makoleji a aphunzitsi ndi mayunivesite monga Chalimbana ndi Kwame Nkrumah ndiwo malo oyambira, pamodzi ndi maphunziro opitiriza a aphunzitsi amene ali kale pa nchito.

Malamulo aliko. Lamulo la 2021 la citetezo ndi milandu ya pa intaneti linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano mu 2025, ndipo bungwe la ZICTA limacenjeza anthu kawirikawiri za akuba a pa lamya. Komabe lamulo limagwira nchito zinthu zitaonongeka kale, ndalama zitapita kapena mbiri ya munthu itaipa.

M'masukulu, zimene zimabwera pa mayeso ndizo zimene zimaphunzitsidwa ndi mtima wonse. Ngati bungwe la mayeso la ECZ lidzafunsa ana kupenda uthenga ndi kunena cifukwa cake ndi wokayikitsa, aphunzitsi adzapatula nthawi ya phunziroli. Funso lotere lingalembedwe pa pepala, ndipo mwana wa ku Chama angaliyankhe masana, pa ola limodzi ndi mnzake wa ku Lusaka.