Ndemanga: Yankho la ku Thyolo lisafere m'mabuku

Mvula ikangoyamba, madzi a m'zitsime ndi m'mitsinje yathu amasanduka phala la matope. Amayi ogulitsa nsima ku Limbe kapena ku Mchesi akudziwa zimene tikunena: mpopi ukauma, amatunga paliponse, makasitomala nkumadya osafunsa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Chotidabwitsa ife nchakuti mbali ina ya yankho inapezeka kale konkuno. M'chaka cha 1994, akatswiri a yunivesite ya Leicester mogwirizana ndi anzawo a ku Polytechnic anayeretsa madzi a pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo ndi ufa wa njere za chammwamba, m'malo mwa mankhwala a alum omwe timaitanitsa ndi ndalama zakunja. Madzi ofiira aja anatuluka mbee! M'njeremo muli puloteni yomwe imakoka tinthu ta matope kuti tiundane nkumira pansi. Ndipo mukafinya mafuta, zotsalira zija, zomwe ambiri amangotaya, zimagwirabe ntchito yomweyo. Mlimi wa ku Nsanje angagulitse mafuta, nkugulitsanso zinyalala zake.

Nanga papita zaka zonsezi, bwanji nkhaniyi ikumvekabe ngati yachilendo? Kodi kapena chinthu chimayenera kubwera pa sitima kuti tichikhulupirire?

Zitsononkho, makoko a mtedza ndi mankhusu a mpunga nazo zikawotchedwa bwino zimapereka makala osefera madzi, ochotsa fungo ndi zoipa zina. Ife timangozisonkhezera pamoto basi.

Koma apa timvetsetsane, a Malawi anzathu, chifukwa ena amva theka nkuthamanga. Madzi oyera m'maso si madzi abwino ayi. Chammwamba chimachotsa matope ndi tizilombo tambiri, koma osati tonse, ndipo madzi ake akagonera tizilombo timaswananso. Makala nawo sapha kolera. Muyenerabe kuthira klorini kapena kuwiritsa. Ubwino wake ngwakuti klorini amagwira bwino m'madzi osefedwa kusiyana ndi m'matope. Wogulitsa ufawu pamsika nkumati ndi mankhwala a kolera, ameneyo ndi wakupha.

Tikupempha mabungwe ogawa madzi ayesenso njirayi m'matauni ang'onoang'ono, ndipo auze anthu poyera mtengo wake pouyerekeza ndi wa alum. A bungwe loona za miyezo ya katundu akhazikitse mlingo woyenera, popeza ufa ukachuluka madzi amadanso. Inu ophunzira a ku MUBAS ndi ku Bunda amene mukusaka mutu wa kafukufuku, pitani ku Thyolo mukafunse kuti ntchito ija inathera pati.