Ghost tinamukhululukira zonse, Tariq ayi

Pa 9 February 2020 sewero la Power linafika kumapeto, ndipo funso limene linasowetsa anthu mtendere kwa miyezi itatu linayankhidwa. Amene anawombera James St. Patrick, uja tonse timamudziwa kuti Ghost, anali mwana wake wobereka yekha, Tariq. Papita zaka, koma mpaka lero mukangotchula dzina la mnyamatayu pakati pa anthu amene ankatsatira seweroli, wina amayamba watsonya kaye asanayankhule. Mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndi akuti mwana uja ndi wosayamika, ndiponso kuti olemba anationongera sewero. Ine maganizo anga ndi osiyana. Imfa ya Ghost m'manja mwa mwana wake ndiyo mathero amene nkhaniyi inkalowera kuyambira pachiyambi, ndipo ukali umene unagwera Tariq unali wokondera.

Seweroli linayamba kuonetsedwa mu June 2014 pa kanema wa Starz ku America, ndipo linakwana masizoni 6, magawo 63. Analiyambitsa ndi mayi Courtney A. Kemp, mothandizana ndi woimba Curtis Jackson, amene dziko limamudziwa kuti 50 Cent. Kwathu kuno ambiri tinkalipeza pa fulashi kapena pa memori khadi, n'kumapatsirana, motero mikangano yake inalowa m'nyumba zathu ndi m'malo ometera tsitsi. Ghost, amene ankamusewera Omari Hardwick, anali bambo wa suti yosita bwino, mwini kalabu yapamwamba yotchedwa Truth mumzinda wa New York. Koma ndalama zenizeni zinkachokera ku mankhwala ozunguza bongo amene ankagulitsa ndi mnzake wa paubwana, Tommy Egan. Kunyumba kunali mkazi wake Tasha ndi ana atatu. Kunja kunali Angela Valdes, chibwenzi chake cha kusukulu, amene tsopano anali loya wa boma wosakasaka chigawenga chotchedwa Ghost, osadziwa kuti ndi yemweyo akugona naye.

Sizoni yomaliza inayamba ndi phokoso lisanafike n'komwe pa nkhani yeniyeni. Pa 25 August 2019 anthu atakhala pansi kuti aonere gawo loyamba, anamva kuti nyimbo yotsegulira, Big Rich Town, yasinthidwa. Mawu a woimba Joe amene anawazolowera kwa zaka zisanu anali atachotsedwa, m'malo mwake mukumveka Trey Songz. Anthu anakalipa pa Twitter ndi pa Instagram mpaka 50 Cent anagonja, ndipo patangopita magawo ochepa nyimbo yakale inabwerera. Nkhani ya nyimboyi ndimaiona kuti ndi yofunika. Owonera anaphunzirapo kuti akakuwa mokwanira eni sewero amamva. Ndiye pamene mathero anadza mosiyana ndi khumbo lawo, anamva ngati alandidwa chinthu chawochawo.

Pali dandaulo limodzi limene ndimagwirizana nalo. Ghost anawomberedwa m'gawo la 10, pa 3 November 2019, ndipo wowomberayo sanaonetsedwe. Tinangoona anthu asanu ndi awiri akulunjika ku Truth usiku umenewo, aliyense ali ndi chifukwa chake: Tommy, Tasha, Tariq, Dre, wandale Rashad Tate, loya wa boma Cooper Saxe, ndi Paz, mchemwali wa malemu Angela. Kenaka sewero linapumira mpaka pa 5 January 2020, ndipo litabwerera magawo asanu otsalawo anangobwereza masiku omwewo, gawo lililonse kutsatira munthu wina. Gawo la Tommy linali lokoma. Koma kupereka ola lathunthu kwa Paz, munthu amene m'mbuyo monsemo ankangotulukira apa ndi apo, pomwe sewero latsala pang'ono kutsekedwa, kunali kuwononga nthawi ya anthu. Chinawonjezera kukhumudwako n'chakuti timakanema toonetsa Tariq akuwombera tinatayikira pa intaneti tsiku lisanakwane. Okonza anati anajambula mathero angapo pofuna kusokoneza akuba, komabe ambiri anafika pa gawo lomaliza akudziwa kale yankho. Apa okwiya ananena zoona.

Koma kutalikitsa nkhani ndi mlandu wina, ndipo kusankha wopha ndi mlandu winanso. Pa wachiwiriwu ndi pamene ndikupempha kuti tikumbukire bwino amene Ghost anali.

Munthuyu anapha Breeze, amene anamulera pa ntchito ya mankhwala, chifukwa ankamutchinga njira. Anakonza chiwembu choti mnzake Kanan amangidwe, nakakhala zaka kundende. Mu sizoni yoyamba anawombera Rolla, mnyamata amene ankamutenga ngati mng'ono wake, chifukwa cha bodza limene anauzidwa. Anapha Terry Silver, loya amene anali pachibwenzi ndi Tasha, pamene iye mwini anali atasiya kale banja n'kukakhala ndi Angela. Ndipo chimene ambiri amachiiwala ndi ichi: mu sizoni yachisanu Ghost ndiye anamukankhira Tommy kuti aphe bambo ake omubereka, Tony Teresi. Munthu amene anakonza zoti mwana aphe bambo ake ndi yemweyo amene tikumulirira kuti waphedwa ndi mwana wake. Zonsezi tinaziona ndi maso athu, koma tinkapezabe pomuikira kumbuyo. Ankayankhula mofatsa, ankavala bwino, ndipo nthawi zonse ankalonjeza kuti ntchito iyi ndi yomaliza, akangomaliza asiya. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyererezo olemba sanatibisire. Tinasankha tokha kuyang'ana kunja kwa chipatso.

Tariq naye si woyera, ndipo sindikufuna kumusambitsa. Anakulira m'nyumba ya pamwamba penipeni pa nsanjika, anaphunzira sukulu zodula, sanagonepo ndi njala. Komabe analowa m'magulu othyola nyumba za anthu, ndipo zochita zakezo ndi zimene zinaphetsa mlongo wake wobadwa naye mapasa, Raina, amene anawomberedwa ndi wapolisi wachinyengo Ray Ray mu sizoni yachinayi. Anagulitsa mapilitsi kusukulu. Anasiyira Tommy chitseko chosakhoma kuti alowe akaphe loya Joe Proctor, iye n'kutuluka ndi kamtsikana ka loyayo kuti kasaone. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amamuda. Ghost anakulira mu umphawi ku Queens, ndiye timati njala ndiyo inamulowetsa m'zoipa. Koma mwana wokhuta akasankha njira yomweyo timasowa pomukhululukira. Ndiponso kwa ife amene tinaleredwa kuti ngakhale kuloza chala kholo n'kulakwa, mwana wotukulira bambo ake mfuti ndi malodza. Kunyansidwa kumeneko n'kwabwino, ndipo sindikufuna kuti kutichoke.

Funso langa ndi lakuti, mwanayu anamuumba ndani? Tariq anakula akuuzidwa kuti bambo ake ndi munthu wabizinesi woongoka. Anaona bambo yemweyo akusiya mayi ake chifukwa cha mkazi wina. Pamene ankafuna munthu womuuza zoona, amene anapezeka pafupi anali Kanan, mdani wa bambo ake, munthu amene anawombera mwana wake wobereka yekha, Shawn, mu sizoni yachiwiri. Kanan anamuyandikira Tariq ndi cholinga chobwezera, koma ndiye anamutsegula maso kuti adziwe kumene chuma cha m'nyumba mwawo chinkachokera. Taganizani kuti chigawenga chotere n'kukhala munthu woyamba kukuuza zoona za kwanu. Kuyambira pamenepo mawu alionse a Ghost onena za sukulu ndi khalidwe anasanduka mphepo m'makutu a mwanayo, chifukwa wolangizayo anali asanavomerepo tchimo lake ngakhale limodzi.

Chimene chinadula chingwe chili m'sizoni yomaliza momwemo. Ghost anapatsidwa mwayi woimira nawo pa chisankho ngati wachiwiri kwa gavanala wa New York. Kuti njira yake iyere, anafuna kuti Tariq akadzipereke kwa apolisi pa mlandu wopha Ray Ray, uja anapha Raina. Bambo amene manja ake anali odzaza magazi a anthu ambirimbiri, amene sanaululepo ngakhale imfa imodzi, ankauza mwana wake kuti akasenze mlandu kuti iye akalowe ndale ali woyera. Ena amati ankafuna kumuphunzitsa mwanayo kuyankha pa zochita zake. Phunziro limenelo likanamveka likanachokera kwa munthu amene analitsatirapo. Ndiye Tariq anachita zimene bambo ake anachita kwa Breeze: anachotsa munthu womutchinga njira. Sewero lenilenilo linalumikiza imfa ziwirizi poyera, ndipo mayi Kemp ananenapo kuti ganizo la Power linakhwima bambo awo atamwalira mu 2011, komanso kuti zina mwa Ghost anazitenga kwa iwo. Nkhaniyi inali ya kholo ndi mwana kuyambira pa tsinde. Akanapha Ghost ndi Dre kapena Tate, ikanangokhala imfa ina pakati pa imfa zambirimbiri za m'seweromo.

Pali kachigawo kamodzi kamene ndimapempha okwiya kuti akakaonenso. Ghost wagona pansi mu Truth, malaya anyowa ndi magazi. Tommy, amene miyezi yonseyi akhala akusakana ndi Ghost kuti aphane, wafika mochedwa, wagwada ndipo wamunyamula mutu. Akukweza maso, akuona wowomberayo ali pamwamba, ndipo dzanja likuthamangira ku mfuti. Ghost, mpweya ukutha, akumuletsa kuti amusiye. M'masizoni onse asanu ndi umodzi, apa ndi pamene ndinaona bamboyu akuchitira mwana wake chinthu popanda kuwerengera phindu lake. Anachita mochedwa, inde, koma anachita. Anthu amene mpaka lero amafuna kuti Tommy akanangomuwombera mnyamatayo akupempha chinthu chimene Ghost wawo yemweyo anakana ndi mpweya wake wotsiriza.

Ukali wina unapyola malire a sewero. Michael Rainey Jr., amene ankasewera ngati Tariq, anali ndi zaka 19 pa nthawiyo, ndipo analemba pa Instagram kuti walandira mauthenga oposa 300 omuopseza kuti aphedwa. Mnyamata wolembedwa ntchito yonena mawu amene ena alemba, n'kumaopsezedwa ndi akuluakulu amene akudziwa bwino lomwe kuti Omari Hardwick ali moyo ndipo akudya bwino. Izi zimandipweteka, chifukwa ngati Tariq anatinyansa chotere ndiye kuti mnyamatayu ntchito yake anaigwira bwino. Enanso anakana kuvomereza maliro. Kwa zaka zingapo panali anthu olimbikira kunena kuti Ghost sanafe, anangonamizira, ndipo tsiku lina atulukira. Chikondi chotere pa munthu wopeka sindichinyoza, pakuti ndicho chimasonyeza kuti nkhani yagwira mtima. Chimene ndikukana ndi pamene chikondicho chasanduka chibonga cholunjika kwa mwana wa eni ake.

Dandaulo langa lenileni pa mathero a Power lili pena, ndipo ndi ochepa amene amalitchula. Mlandu wa imfa ya Ghost unagwera Tasha. Mayiyu anayesa kuukankhira kwa chibwenzi chake, zinakanika, ndipo pofuna kuteteza mwana wake anavomera kumangidwa. Tariq ananyamula chikwama n'kupita ku yunivesite ya Stansfield, chifukwa wilu ya bambo ake inati salandira chuma pokhapokha atamaliza digiri ndi magiredi apamwamba. Sewero limene linatha zaka zisanu ndi chimodzi likutiuza kuti magazi amalipiridwa linamusiya wopha womaliza akuyenda momasuka, ndipo chifukwa chake chinaonekera gawo lomaliza lisanazizire n'komwe: Starz inali italengeza kale masewero ena otuluka mu Power. Power Book II: Ghost, lotsatira Tariq yemweyo, linayamba mu September 2020, muli Mary J. Blige ndi Method Man, ndipo linayenda masizoni anayi mpaka 2024. Kenaka kunabwera Raising Kanan mu 2021 ndi Force, la Tommy, mu 2022. Kuti Tariq aphe bambo ake, nkhani ndiyo inafuna. Koma kuti apulumuke wopanda chilango, mayi ake n'kukagona m'chitolokosi m'malo mwake, anafuna ndi amalonda a kanema, ndipo pamenepo ndi pamene ukali wa owonera unayenera kulunjika.