Mowa wosaledzeletsa si cakumwa ca ana

M'mafiliji a masitolo akulu-akulu a mu Lusaka, ku Manda Hill, ku East Park, ku Levy na kwina, mwadzala mabotolo amene kale sitinali kuwaona kawili-kawili. Botolo ni la mowa, dzina ni la mowa, fungo ni la mowa, koma pakhosi pake alembapo 0.0, kapena mau a Cingelezi otanthauza kuti mulibe coledzeletsa. Kuli laga, kuli saida, kulinso vinyo wa thovu amene amaphulika monga shampeni ya pa cikwati. Manje mabotolo amenewa afika ku ma kitchen party, ku ma braai a kumapeto kwa wiki, olo ku mabathide a ana. Ndiye funso labuka m'manyumba na m'mabasi: kodi mwana wa zaka 10 kapena 14 tingamupatse, popeza sizikola?

Yankho la danga lino n'lakuti iyai. Cakumwa cimene cavala zovala za mowa cigulitsidwe monga mowa, ndipo cimwedwe na anthu amene afika zaka 18. Tifotokoze cifukwa cake.

Coyamba tivomeleze zimene zili zoona, cifukwa makolo amene amapatsa ana zakumwa izi si opusa. Mowa wa mtundu uwu umaphikidwa monga mowa wina uliwonse, na cimela, yisiti na masamba owawitsa ochedwa hops. Pambuyo pake amacotsamo coledzeletsa mwa kuutenthetsa kapena kuusefa m'makina, ndipo ena amangoimitsa kuwila kwake usanakole. M'maiko ambili, cakumwa cimene cili na coledzeletsa cosapitilila 0.5 pelesenti cimaloledwa kuchedwa cosaledzeletsa. Cimene alemba 0.0 cimakhala na kocepa kwambili kuposa pamenepo. Mowa wa masiku onse monga Mosi kapena Castle umakhala pakati pa 4 na 5 pelesenti. Conco mwana akamwa botolo limodzi la 0.0 sadzandima, sagwa mu ngalande. Ngakhale nthoci yakupsa kwambili imakhala na kacoledzeletsa kocepa. Pamenepo palibe wotsutsa.

Ena akuti, "Nanga munkoyo na thobwa? Si timapatsa bana kucokela kale?" N'zoona. Koma kumbukilani mmene agogo athu anali kucitila. Thobwa la lelo kapena la dzulo linali la aliyense, mwana na wamkulu yemwe. Likagona masiku angapo n'kuyamba kusasa na kukola, amai anali kulicotsa pamaso pa ana, cifukwa pamenepo lasanduka mowa. Munkoyo cimodzi-modzi. Anthu akale analibe makina opimila mapelesenti, koma malile anali kuwadziwa bwino. Mwana anali na cikho cake, madoda anali na cipanda cao, ndipo mwana sanali kukhala pa bwalo la mowa n'kumayeselela kugwila cipanda monga atate ake. Maheu amene timagula pa kantemba lelo ali mu mzela umodzi-modzi na thobwa. Sanamizila kukhala mowa, ndipo mwana akamwa maheu sadziona monga munthu amene ali mu bala.

Apa ndiye pagona nkhani. Mwana akagwila botolo la mowa wosaledzeletsa amaphunzila zinthu zitatu pa nthawi imodzi.

Amaphunzila kakomedwe. Aliyense amene anakhalako mwana adziwa kuti mowa poyamba umawawa. Mwana akalawa amakwinya nkhope n'kulavula. Kuwawa kumeneko ni mpanda umene umateteza ana ambili kwa zaka zingapo. Mukamuzoloweza lilime na 0.0 ali na zaka 12, mwagwetsa mpanda na manja anu. Tsiku limene anzake adzamupatsa weni-weni kuseli kwa sukulu, lilime lake lidzaulandila monga mlendo wodziwika kale.

Amaphunzilanso dzina. Kampani imene ipanga wa 0.0 nthawi zambili ndiyo ipanganso woledzeletsa, ndipo dzina, mtundu wa botolo na cizindikilo zimakhala zofanana dala. Heineken inatulutsa wake wa 0.0 mu 2017, ndipo makampani ena akulu a mowa ali na yao. Si mlandu kucita bizinesi. Koma kholo lizidziwa kuti mwana amene wakula akonda dzina linalake la mowa safunikanso kusatsidwa malonda akakula. Ni kasitomala wokonzeka kale. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa cikalata mu 2023 cokamba za zakumwa izi, ndipo cina mwa zimene linadandaula naco n'cakuti zingapangitse ana kuona kumwa monga cinthu ca masiku onse, komanso kuti dzina la mowa lingafike pamalo pamene malonda a mowa saloledwa.

Cacitatu, amaphunzila mkhalidwe. Kutsegula botolo, kugundanitsa na anzako, kukhala nalo m'manja pokamba nkhani, kuona kuti cisangalalo sicikwana popanda botolo. Ana amaphunzila na maso kuposa na makutu. Mungamuuze kakhumi kuti mowa ni woipa, koma ngati pa bathide yake mwamuikila botolo looneka monga la atate ake n'kumujambula pa foni anthu onse akuseka, phunzilo limene latsala m'mutu mwake n'lakuti ukulu uli m'botolo.

Manje tiyang'ane kumene mwana ameneyu abwelela akacoka pa phwando. Ambili a ife tikhala ku Kanyama, Chawama, Matero, Mtendere, George, Garden, Chaisa. Kumeneko 0.0 siipezeka pa kona iliyonse, ndipo kumene ipezeka mtengo wake siutsika poyelekeza na mowa weni-weni. Cimene cipezeka pafupi, pa mtengo wa ndalama ya basi, ni tumabotolo twa junta, kachasu wa m'nyumba za kuseli, na cibuku. Mwana amene wazolowela kakomedwe na mkhalidwe, koma m'thumba ali na tundalama twa cakudya ca kusukulu, sadzakwela basi kupita ku mall kukafuna 0.0. Adzagula cimene cili pafupi.

Mzinda uno unaonapo kale zimenezi. Amene anali kukwela mabasi pa Kulima Tower, pa City Market kapena pa Lumumba caka ca 2012 cisanafike akumbukila tujilijili, tumapaketi twa mowa waukali tumene tunali kulowa m'thumba la yunifomu popanda mphunzitsi kuona. Anali kutugulitsa pa tuntemba pamodzi na maswiti na mabisiketi. Anyamata oitanila mabasi anali kuyamba tsiku nato m'mamawa, ndipo ana a sukulu anatengela. Mu April 2012 boma linatuletsa, nduna yoona za makhonsolo panthawiyo ali a Professor Nkandu Luo. Cimene cinapangitsa tujilijili kukhala toopsa kwa ana cinali kucipa kwake na kaonekedwe kake, cifukwa tunali kuoneka monga kanthu ka masewela. Phunzilo lake likali na nchito lelo: malile a pakati pa za ana na za akulu akafufutika, amene amavulala ni ana.

Lamulo la dziko lino la Liquor Licensing Act la mu 2011 limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Cifukwa cake n'comveka. Ubongo wa munthu umapitiliza kukula mpaka ca m'ma zaka 25, ndipo amene wayamba kumwa ali wamng'ono amakhala pa ngozi yaikulu yakuti mowa udzamulamulile akakula. Amene anapelekezako m'bale wao ku cipatala ca Chainama kamba ka mowa adziwa kuti nkhani imeneyi si yoseketsa. Manje ganizilani wogulitsa pa sitolo kapena pa bottle store madzulo a pa Cisanu, mzela uli wautali. Kamnyamata kabwela na mabotolo awili obiliwila, kakuti, "Ni ya zero iyi, ba boss." Kodi adzawelenga botolo lililonse? Ganizilaninso mphunzitsi kapena wapolisi amene waona ana atatu a yunifomu pa siteshoni ali na mabotolo m'manja. Ali patali angadziwe bwanji kuti ili n'la 0.0, ili n'la 5? Tikalola ana kugwila botolo lofanana, tawapatsa pobisalila, ndipo lamulo la zaka 18 tal ifooketsa tokha.

Nkhani ngati iyi inacitikapo kale pa fodya. Kunali maswiti opangidwa monga ndudu, oyela, a nsonga yofiila, ndipo ana anali kuwaika pakamwa n'kumayeselela kutulutsa utsi. Munalibe fodya olo pang'ono. Koma pangano la maiko loletsa kufala kwa fodya, limene Zambia inalowamo mu 2008, limalimbikitsa maiko kuletsa maswiti na zoseweletsa zooneka monga fodya zimene zimakopa ana. Palibe anakamba kuti, "Asiyeni, ni shuga cabe." Anthu anamvetsa kuti mwana amene aseweletsa ndudu ya shuga ayeselela kukoka. Mowa wosaledzeletsa m'manja mwa mwana ni ndudu ya shuga ya masiku ano.

Pali makolo ena amene amakamba mocokela pansi pa mtima kuti, "Ni bwino aphunzile pamaso panga kusiyana n'kuti akaphunzile ku mseu. Ukamuletsa maningi ndiye azafuna maningi." Mantha amenewa tiwamvetsa. Koma kuphunzitsa mwana za mowa na kumuzoloweza mowa ni zinthu ziwili zosiyana. Kuphunzitsa ni kukhala naye pansi n'kumuuza cimene mowa umacita m'thupi, cifukwa cake amalume ake uje nchito inawathela, zimene angayankhe anzake akamukakamiza, na kuti akalakwitsa abwele kwa inu osaopa. Zimenezi sizifuna botolo. Kuongola mtengo m'poyamba, ndipo mwana amamva "iyai" wa kholo limene limafotokoza cifukwa kuposa mmene timaganizila.

Tisamveke monga tikudana nazo zakumwa izi. Kwa akulu n'zothandiza, ndipo ife okwela mabasi ndise oyamba kupindula. Dalaivala amene wamwa 0.0 pa Sondo madzulo n'kudzuka 04:00 kukanyamula anthu pa Great East Road kapena pa Kafue Road ni dalaivala amene tingamupatse moyo wathu na mtima umodzi. Munthu amene afuna kucepetsa kumwa, kapena amene ayendetsa motoka kucoka ku cikwati, wapeza pothawila popanda anzake kumuseka. Zakumwa izi zinapangidwila munthu amene afuna kutsika kucoka ku mowa. Kwa mwana amene sanayambe, makwelelo amodzi-modziwo amakhala okwelela.

Ndiye ticite ciani?

Makolo na inu a matron okonza maphwando, pa tebulo la ana ikani za ana. Maheu, munkoyo watsopano, juwisi, madzi a malalanje, olo zoziziliitsa kukhosi mwa apo na apo, ngakhale izi nazonso shuga wake ngwofunika kusamala. Ngati mufuna ana akondwele pa nthawi yodula keke, athilileni juwisi m'makapu ao, osachula kuti ni shampeni ya ana. Ndipo lekani kutuma ana kukagula mabotolo a mowa, kaya ni a zero kaya si a zero. Mwana amene wazolowela njila ya ku bottle store na ndalama yanu adzaiyenda tsiku lina na ndalama yake.

Eni masitolo, musayembekeze kuti lamulo licite kukukakamizani. Ikani 0.0 pamodzi na mowa, kutali na zakumwa za ana, ndipo amene aoneka wamng'ono mufunseni NRC. Ku Britain masitolo ambili akulu amafunsa zaka pogulitsa mowa wosaledzeletsa mwa kufuna kwao. Phindu la botolo limodzi silingapose mwana wa neba wanu.

Makampani opanga, lembani zaka 18 pa botolo moonekela bwino, ndipo malonda ake asapite pafupi na masukulu kapena pa masewela a ana. Aphungu athu na a khonsolo, dziko lino lili na ndondomeko ya za mowa imene inakhazikitsidwa mu 2018. Iunikeninso pamodzi na lamulo la 2011, kuti cakumwa ciliconse cokhala na dzina na maonekedwe a mowa cikhale na malile a zaka olembedwa momveka, cakuti wogulitsa wa ku Kalingalinga na wa ku Kabulonga adziwe cinthu cimodzi.

Ndipo ise tonse, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukaona kamwana ka yunifomu kali na botolo lotele pa siteshoni, musatembenukile ku windo. Kafunseni mwaulemu kuti kalitenga kuti. Zaka 18 sizili patali, adzafika, ndipo adzasankha yekha ali na nzelu zake zonse. Pakali pano botolo likhale kwa akulu, mwana apatsidwe maheu.