MAWU KWA MAKOLO: FUNSANI MUSANAGULITSE NG'OMBE

Abale anga a kumudzi, sabata ino ndifuna kucheza ndi inu amene mwana wanu wapambana mayeso a Fomu 4, ndipo akuti afuna kukaphunzira za ndalama ku yunivesite, kuti tsiku lina akagwire ntchito ku banki kapena akasunge mabuku a chuma pa kampani. Maganizo amenewa ngabwino. Koma musanagulitse ng'ombe kapena kubwereketsa dimba, tamvani izi.

Kale kunalibe kusankha, pakuti University of Malawi, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1965, inakhala yokhayo ya Boma kwa zaka zambiri. Lero sukulu zachuluka: za Boma, za mipingo ndi za anthu wamba. Zina nzabwino ndithu, koma zina n'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba, funsani ngati sukuluyo ili yovomerezeka. Boma linakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education, mwachidule NCHE, ndi lamulo la 2011. Ntchito yake ndiyo kuyendera sukulu zotere ndi kulengeza zimene zakwanira. Dziwani kuti bungweli limavomereza sukulu payokha, ndi phunziro lililonse palokha. Tsono musakhutire pomva kuti "sukulu yathu njolembetsedwa". Funsani kuti, "Nanga digiri ya za ndalamayi ili pa mndandanda wa NCHE?" Ngati palibe, mwana angathe zaka 4 n'kubwera ndi pepala limene olemba ntchito adzalikana.

Chachiwiri, mwana adziwe chimene afuna, pakuti maphunziro a ndalama ali mitundumitundu. Wofuna za malonda ndi kusunga mabuku a chuma ayang'ane ku MUBAS ku Blantyre, imene inali Polytechnic kufikira 2021, kapena ku Malawi College of Accountancy. Wofuna kudziwa kayendedwe ka chuma cha dziko lonse ayang'ane ku University of Malawi ku Zomba. Sukulu za Boma zimafuna makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro amenewa masamu ndiwo mutu. Ngati masamu anagwa, nkwabwino kuti mwana alembenso mayeso kusiyana ndi kuthamangira sukulu yolandira aliyense.

Chachitatu, werengani mtengo wa zaka zonse 4, osati chaka choyamba chokha. Pamwamba pa fizi ikanipo chakudya, nyumba yogona, mabuku ndi ulendo wa pa holide. Mwana amene ali ndi amalume ake pafupi ndi sukulu wapulumutsa kale ndalama zambiri. Alipo ana anzeru amene anabwerera kumudzi m'chaka chachiwiri chifukwa khola linatha msanga.

Kwa osowa, liripo bungwe la Boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Koma imeneyi ndi ngongole, si mphatso ayi. Mwana adzabweza akatsiriza, kuti ang'ono ake athandizikenso.

Potsiriza, pitani kwa aphunzitsi aakulu a sekondale imene mwana anaphunzira, muwaonetse mapepala a sukuluyo musanalipire khobidi. Ngati nkutheka, chezaninso ndi wina amene anatsiriza kumeneko, mumve ngati anapeza ntchito. Akulu anati safunsa anadya phula.

Tsalani bwino. Tidzachezanso sabata yamawa.