Kunyezimira kwa penti si umboni wa injini yabwino

Ambirife tikaona pikapu yatsopano ikudutsa timangoti, "Eee, galimoto ndi imeneyi!" Koma ine ndikuti tisamatengeke ndi penti.

Mu 2024, kampani ya Toyota inaitanitsa magalimoto pafupifupi 102,000 a Tundra ndi Lexus LX a 2022 ndi 2023 ku America. Popanga, tizidutswa ta chitsulo tinatsalira mu injini, moti inkatha kuzima galimoto ili pa liwiro. Mapeto ake kampaniyo inavomera kusintha injini yonse mwaulere. Mu Epulo 2025, General Motors nayo inaitanitsa magalimoto pafupifupi 600,000, kuphatikizapo Silverado ndi Sierra, kaamba ka zitsulo zolakwika mu injini ya malita 6.2.

Kumeneko eni ake amalandira kalata yowachenjeza. Nanga galimoto ya vuto lotere ikagulitsidwa kawiri katatu n'kudzalowa kuno kudzera ku Dar es Salaam kapena Durban, kalatayo ipeza ndani? Palibe. Injini ikakuzimirani pa M1 mukupitirira thiraki, nkhani sikhalanso ya ndalama ayi, ndi ya moyo wanu ndi wa anthu amene mwanyamula.

Choncho musanalipire, tengani nambala ya chassis muilembe pa webusaiti ya kampani yopanga galimotoyo, muone ngati inaitanitsidwapo. Foni muli nayo kale m'manja. Wogulitsa akamazengereza kukupatsani nambalayo, sungani ndalama zanu, mukayang'ane kwina.